Maso a Sikwathu

Senderani kuno, inu a kukhonde uko, kokerani mphasa pafupi, mawu anga safika patali masiku ano. Iwe wa foni, ika pansi kaye. M'mawa muja munandiona ndikukalipa pamene mumafuna kuthira shuga m'diso la galu wanu, mukuseka kuti agogo mutu wayamba kuzungulira. Khalani pansi mumve za kabango.

Kanali kabango kakafupi, kutalika kwake kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Amalume ankakasomeka kudenga la khonde lawo, pafupi ndi chikwakwa. Mbali yopita kukamwa inali yakuda ndi malovu ndi fodya, mbali inayo yoyera mbuu ndi phulusa la mankhwala. Ndi kameneko ankauzira mankhwala m'maso mwa mbuzi, ndipo anthu ankabwera kuchokera kutsidya kudzawapempha. Mbuzi zina zinkachira, zina zinkafa diso, koma zochirazo ndi zomwe anthu ankakumbukira.

Kwathu kunali ku Utale, kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi. Bambo anali mkamwini, msodzi wa ku Chiuta amene anabwera kudzagulitsa nsomba zouma, n'kuona mayi, n'kukhala. Khasu silinkawakhala m'manja. Amalume, mlongo wawo wa mayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo ankanena poyera kuti pakhomo palowa munthu wonunkha matemba wosadziwa kuunga mzere. Bambo anangopeza kagalu, n'kukatcha dzina lakuti Sikwathu, ndiye madzulo aliwonse ankaima pakati pa bwalo n'kuitana mokweza, “Sikwathu! Sikwathu!” Kale anthu ankatukanirana choncho, kudzera m'dzina la galu. Chaka china mvula itangoyamba, bambo anati akukaona maukonde awo kunyanja. Bulangete anatenga, galu anasiya.

Anali galu wofiirira, wa makutu oimirira, nthiti zoonekera ngati mabango a mphasa. Pakhomo pathu panali pa Chisilamu, choncho galu sankalowa m'nyumba ndipo sankagwiridwa ndi dzanja. Ankadyera m'phale kuseri kwa khola la mbuzi, madeya ndi makoko a m'poto. Sikunali kudana naye iyayi, ndi mmene tinaleredwera. Koma thukuta lake tonse tinkadya. Chimanga chikafika pa mondokwa, anyani ankatsika m'phiri gulu lathunthu, ndipo munda wa amalume ndi umene unali woyamba kuchokera kuthengo. Kamunda ka mayi kanali kuseri kwake. Ine mano akutsogolo anali atangomera kumene, sukulu sindinaipondeko, ndiye ntchito yanga inali kukhala pachilindo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikuomba chitini. Chitini anyani sankachiopa. Ankaopa Sikwathu.

Kumundako kunalibe wondiona. Ndinkamukanda kuseri kwa makutu, iye n'kuika chibwano pamwendo panga, mpweya wake wotentha, fungo la udzu wonyowa. Pobwerera ndinkatsuka manja ndi dothi kumtsinje.

Tsiku lina anathamangitsa anyani mpaka m'tchire la udzu wautali, uja nsonga zake zimalowa m'chitenje n'kumakubaya tsiku lonse. Anabwerako diso lakumanzere atatsinzina, misozi ikuyenderera mpaka kukamwa. Ankalipukuta ndi phazi, kulikhula pansi, kupukusa mutu. Mawa lake chikope chinatupa, manthongo achikasu atamata. Nditatsegula ndi zala, m'kati munali psuu, ndipo pakona, pansi pa chikope, ndinaona kansonga ka udzu kakuda, kakang'ono ngati nsidze imodzi. Ndinayesa kukagwira ndi zikhadabo. Analira n'kundizembera, kansonga n'kulowa m'kati. Panafunika munthu wamkulu womupana mutu pakati pa miyendo, wina n'kuzula. Pakhomo ponse panalibe woti angachite zimenezo.

Ndinauza mayi akupeta. Anaima, n'kuyang'ana kunyumba kwa amalume, n'kunena motsitsa, “Usanene kuti unamugwira.” Ndiye ndinakauza amalume kuti galu ali ndi chitsotso m'diso, osanena kuti ndinachiona bwanji.

“Chitsotso wachiona iwe, wa mamina iwe? Imeneyo ndi nthenda ya mbuzi ija. Bweretsa mwala.”

Ankapera chigoba cha nkhono, kusakaniza ndi mchere ndi fodya wa mphuno. Anamuitana ndi mutu wa mlamba, kumukola chingwe, kumumangirira pamtengo wa bwemba pafupi kwambiri moti mutu sunkatembenuka, kenako kumupana khosi pansi ndi mtengo wa mphanda. Dzanja lawo silinamukhudze ngakhale ubweya umodzi. Anatapa ufa uja ndi kabango, kuloza, n'kuuzira. Phuu! Ana inu, galu amalira mitundu yambiri, koma kulira kuja sindinakumvenso. Kunali ngati kwa mwana wogwera pamoto. Anakodza pomwepo, miyendo ikupalasa fumbi. Amalume anapukuta kukamwa n'kunena, “Akalira ndiye kuti mankhwala agwira.”

Anachita zimenezo m'mawa uliwonse asanapite kumunda. Diso lija linayamba kuyera, poyamba ngati madzi otsukira mpunga, kenako mbee ngati la nsomba yophika. Ntchentche zinamupeza. Ataona kuti sizikusintha, amalume anati nkhono yachepa mphamvu, n'kuperanso kachidutswa ka botolo losweka mpaka kusalala ngati ufa. Ankati galasi limapala choyeracho.

Amwalimu a kumadarasa, amene ankaphunzitsa anyamata kuwerenga pa thabwa, anadutsa tsiku lina akuchokera kumzikiti, n'kupeza galu ali pamphanda. Anali munthu wofatsa, wa ndevu zochepa, wotsimphina. Anaima patali pang'ono n'kunena kuti kusamugwira galu ndi nkhani ina, kumuzunza ndi nkhani inanso, chifukwa nayenso ndi cholengedwa chopuma. Anati kudipi, kumene ankasambitsa ng'ombe, kumabwera a vetenale tsiku losambitsa, ndipo diso likakhala chotsinzina mpaka kugona nalo, kapena likayamba kuyera, salichedwetsa.

Amalume akakwiya ankalumphira m'Chiyao. “Ngwamba! Iyayi, amwalimu! A vetenale omwe aja anabwera ndi mfuti chaka cha chiwewe n'kupulula agalu m'mudzi muno? Akaona diso ili ati chiwewe, amuwombera, ndiye munda wanga mukalinda ndinu ndi mwendo wanuwo? Anthu tikugona ndi malungo osaona dokotala, galu wa mkamwini ndiye akaone dokotala?”

Amwalimu anangopukusa mutu n'kumapita. Koma mawu aja ine ndinawatola.

Lero ndikakhala n'kumaganiza, ndimaona kuti amalume sankafuna galu afe. Ankamufuna wamoyo, wa mano, ali kumunda. Koma ndimakumbukiranso nkhope yawo akamauzira, masaya atatupa, maso akumwetulira. Munthu wochiritsa sayang'ana choncho.

Diso lakumanzere linaphulika m'mawa wina tili pachilindo. Linangotuluka madzi ndi mafinya, chikope n'kulowa m'kati ngati chikwama chopanda kanthu. Sikwathu anagona pansi pa chilindo tsiku lonse, koma anyani atayandikira anadzuka, mutu chopendekera, n'kuwathamangitsa ndi diso limodzi lomwelo. Ndinati basi, zatha, atsala nalo limodzi, limodzi likwana.

Madzulo amalume anamuyang'ana n'kunena, “Nthenda yamaliza uku. Tsopano iwolokera kulinzake. Tiitsekere njira isanafike.”

Mukumva? Diso labwinobwino, lowala, lopanda ngakhale manthongo. Mayi anali pamtondo. Musi unaima m'mwamba. Anati, “Achimwene, linalo lili bwino.” Amalume sanatembenuke n'komwe. “Mwamuna wako anakusiyira chiyani choti uziyankhulira pano? Chimanga ukusinjacho chachokera m'nkhokwe ya ndani?” Musi unatsika. Unapitiriza kugunda nthawi yonse imene galu ankalira, ndipo unkagunda msanga kuposa masiku onse.

Kutacha, diso lotsalalo linali lofiira, lotsinzina, likuchucha. Linali tsiku la dipi. Sindinauze munthu. Ndinafika pachilindo, kupachika chitini panthambi kuti mphepo izichiomba, kung'amba m'mphepete mwa chitenje changa, kumumanga Sikwathu m'khosi, ulendo. Ndinkati ndibwerako anyani asanatsike. Njira inali yaitali kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo galu ankagunda zitsa, ndiye tinkayenda pang'onopang'ono.

Kudipi kunali fumbi, ndowe, fungo la mankhwala lolasa m'mphuno, ng'ombe zikudumphira m'madzi akuda, zikwapu zikulira. Abusa a ng'ombe atandiona anayamba.

“Mtsikana, ng'ombe yakoyo yaonda bwanji!”

“Imakamidwa imeneyo? Tipatseko mkaka!”

“Iponye m'madzimo, mwina imera nyanga!”

Ndinaima pambali ndikuyang'ana kumene kuli mfuti. Kunalibe mfuti. Kunali bambo wamfupi wa majombo, wovala ovolosi yothimbirira, kachikwama kachikopa kali panjinga. Atamaliza ng'ombe anandikodola. Anagwada m'fumbi momwemo, kuika mutu wa Sikwathu pakati pa mawondo awo, manja osavala kanthu, akumuyankhula ngati mwana. Anatsuka diso lakufa lija ndi madzi oyera, kutembenuza chikope, kulowetsa kachitsulo kopana, n'kutulutsa kansonga kaja. Kanali katafewa, kotalika ngati chikhadabo. Anakaika padzanja langa.

“Ndi kameneka basi. Mukanabwera nako tsiku lomwe anayamba kutsinzina, bwenzi pano akuona ndi onse awiri. Nanga linali mwalitani?”

Ndinawauza za nkhono, mchere, fodya ndi botolo. Anatukwana mawu amene sindingawabwereze pamaso panu. Anatsuka diso lotsalalo nthawi yaitali, madzi akutuluka ndi timchenga tonyezimira. Anati lapsa ndipo lakalika, koma silinafe. Anatulutsa kachubu kofinyidwa kale theka, ka mankhwala a maso a ng'ombe, n'kundionetsa kafinyidwe kake m'kati mwa chikope, m'mawa ndi madzulo. “M'diso muno musalowenso china chilichonse. Shuga iyayi, fodya iyayi, mkaka iyayi. Ukawauze akuluakulu kwanu kuti ndatero ine. Sabata yamawa ubwere naye ndidzamuone.”

Pobwerera ndinkaimba. Kachubu ndinakamanga pamfundo ya chitenje, ndikukagwiragwira njira yonse.

Ndinamva phokoso ndisanafike kumunda. Nyani sadya ngati munthu wanjala. Amathyola chisononkho, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china. Mbali yonse yakuthengo ya munda wa amalume inali pansi, mapesi othyoka, makoko oyera ali mbwee ngati pagwa matalala. Chitini changa chinkalira chokha panthambi. Amalume anali ataima pakati pa mundawo, akazi awo atanyamula manja kumutu.

Amalume anandikwapula ndi nthambi ya bwemba, ya mtengo womwe uja ankamangapo galu, mpaka chitenje chinamasuka, kachubu n'kugwa. Anakatola, kukatembenuza, kukanunkhiza.

“Ndiye wapita kukandineneza kwa a boma? Wakawauza kuti kwathu kuli chitsiru chosadziwa mankhwala?”

Sanakataye iyayi. Amalume sankataya chinthu. Anali ndi mbuzi yaikazi ya bere imene diso linkachucha, ndiye anayamba kuifinyira m'mawa ndi madzulo, monga momwe ndinawafotokozera ndikulira. Ndi zala zawo, mosamala, akuisisita pamphumi. Mbuzi ija inachira, diso kuwala ngati la mwana. Galu anamubwezera pamphanda, kuti aone ngati wodziwa ndi wa majombo kapena iwo.

Sabata yotsatira kudipi sindinapite. Amalume anandiperekeza kumunda okha, n'kuuza akazi awo kuti azindisuzumira. Mmene chimanga chinkauma, diso lachiwiri linali litayera lonse.

Koma galu uja kumunda sanasiye. M'mawa ankamva chitini changa n'kumanditsatira, mphuno ili pachidendene changa. Ankamva fungo la anyani ine ndisanawaone, n'kuima, ubweya wa pamsana utaimirira, n'kuuwa. Kungoti nthawi zina ankauwa atayang'ana kolakwika, anyani ali kumbuyo kwake. Ana a m'mudzi anatulukira masewera. Ankamuitana ataima kuseri kwa mtengo kuti athamange n'kugunda mutu, kapena kutsidya kwa dzenje la zinyalala. Iye ankapita ndithu, mchira ukugwedezeka, chifukwa m'moyo wake wonse anthu omuitana anali ochepa.

Anyani nawo anazindikira. Nyani ndi munthu, ana inu, amaona. Chimphongo chachikulu chinayamba kumuyandikira chakumbali, mwakachetechete, kumumenya khofi n'kudumpha. Anzake ali pamwala kuonerera. Tsiku lina chinamugwira mwendo wakumbuyo n'kumung'amba ntchafu ndi mano, ine ndikuponya miyala ndikukuwa mpaka mawu kutha. Sikwathu anabwerera kunyumba akuyenda ndi miyendo itatu.

Titakolola, nkhokwe ya amalume sinadzaze. Anakhala pakhonde m'mawa wina, akuyang'ana galu akufunafuna phale lake ndi mphuno, n'kunena, “Chaka chino madeya tidya tokha. Wosaona salinda, wosalinda sadya.” Anatenga chingwe cha luzi. Anati iwo magazi a galu sakhetsa, si munthu wankhanza iwo. Akangomumanga pamtengo kuthengo, kudambo louma kumene kunkadutsa afisi, zotsalazo ndi za Mulungu.

Ndinagwira miyendo ya mayi. Ndinati anene kanthu, apemphe, anene kuti galu ndi wa bambo. Anandichotsa zala chimodzichimodzi n'kunena, “Kapale moto.” Galu anapita yekha, osakokedwa, akutsimphina pambuyo pa amalume. Ankayesa akupita kumunda.

Amalume anabwerako dzuwa lili pamutu, n'kusamba, n'kupita kukaswali kumzikiti. Dzuwa litapendeka, mayi anatenga nkhwangwa ndi nkhata, n'kunena mokweza, kuti a kwa amalume amve, kuti nkhuni zatha. Ndinaona akubisa kanthu m'chitenje. Ndinawatsatira patali, ndikubisala m'mapesi, chifukwa njira imene anatenga inali ya kudambo. Ndinati akukamumasula. Ndinayamba kale kuganiza kumene tikamubise.

Tinamumva tisanamuone. Mawu anali atasasa. Anali atazungulira mtengo mpaka chingwe kutha, khosi litakanirira kutsinde, lilime panja, nyerere zili pabala la ntchafu. Pamchenga pozungulira panali mapazi akale a afisi, ndi ndowe zawo zoyera zija.

Mayi anaika nkhwangwa pansi. Anamasula chingwe. Anakhala pansi n'kutambasula miyendo, mayi anga amene chibadwire sanakhudzepo galu, n'kumukokera pamiyendo pawo. Anatulutsa kachikho ka madzi ndi mbatata yootcha, n'kumamunyemera, iye akudya m'dzanja lawo, akunyambita zala. Anamuchotsa nyerere. Anamupukuta manthongo ndi nsonga ya chitenje chawo, chomwe ankaswalira nacho. Ankayankhula naye motsitsa, mawu sindinawamve, ndinangomva dzina la bambo kamodzi. Mchira unkagunda pansi, phu, phu, phu. Kenako anamugoneka chibwano pamuzu, kumukanda kuseri kwa khutu ndi dzanja lamanzere, lamanja likufufuza nkhwangwa. Anaitembenuza, mbali ya chibonga cha mpini. Anaimirira.

Kamodzi kokha. Sanalire n'komwe.

Ndinalira ndine. Ndinatuluka m'tchire ndikukuwa kuti mfiti, mfiti, mwamunyenga ndi mbatata. Ndinawaluma padzanja. Sanandimenye, sanandikalipire. Anakumba ndi nkhwangwa yomweyo pansi pa mtengo, dothi louma gwa, mpaka manja kutuluka matuza. Anamukwirira, kusanja miyala ikuluikulu pamwamba, n'kupita kumtsinje kukasamba ndi dothi. Pobwerera anatola nkhuni, chifukwa anali atanena kuti akupita kunkhuni. Anangondiuza mawu amodzi, “Amalume ako asamve.”

Mawa lake amalume anapita kukatenga chingwe chawo. Anabwera nacho chili chopindidwa bwino, mfundo yomasulidwa ndi zala. Anawayang'ana mayi nthawi yaitali. Nyengo yonse ya chilimwe imeneyo nkhokwe yawo inatitsekekera, tinkadya za ganyu wa mayi ndi mphonda.

Za anthuwo, mmene anathera ndi motere. Amwalimu anasamukira ku Nselema kwa mwana wawo, n'kumwalira komweko anthu akuwalira. A vetenale aja sindinawaonenso, dipi lija linaphwa, lero mumamera zitsamba. Amalume, musayembekeze kuti Mulungu anawalanga m'maso iyayi. Anakalamba mbuzi zili khola lodzaza, akulowetsa okha ulusi pasingano, ana akuwadyetsa, n'kufa m'tulo. Bambo ndinakawapeza ku Chiuta ndili ndi mwana kumsana, ali pakati pa matandala oyanikapo nsomba ndi mkazi wina. Nditawauza za Sikwathu anakanda mutu n'kufunsa, “Galu wake uti?”

Mayi ndiye anakhala ku Utale komweko mpaka imfa, osakwatiwanso. Ine kuchokera tsiku lija sindinawayankhule mpaka mvula inagwa. Chakudya cholandira m'dzanja lawo ndinkachiika pansi kaye, ndikuti dzanja limeneli limadyetsa lisanaphe. Ankaona ndithu. Amalume ndinkangowaopa, koma chidani changa chonse ndinachisungira mayi. Nthawi imeneyo ndinali ndisanaonepo mbuzi yomangidwa imene afisi aipeza, ndinali ndisanadziwe kuti fisi sayamba ndi kupha, amayamba ndi kudya, kuyambira kumimba, chinthu chikadali kulira. Mayi ankadziwa. Mmene ndinadzaziona ndi maso anga, n'kufuna kuti ndikawagwire dzanja lija ndinaluma, anali atagona kale kumanda.